Zipani zathu ndi maiko akunja: yankho kwa aphunzitsi a ku Angonia

Imelo imene ndikuyankha leroyi yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa mbiri pasukulu ya sekondale kuno ku Angonia. Akuti ophunzira awo anawapanikiza ndi mafunso awiri. Loyamba, kodi zipani za Frelimo, Renamo, MDM ndi Podemos zimasiyana pati pa nkhani ya ubale wa Mozambique ndi maiko akunja? Lachiwiri, kodi kusiyanako n'kumene kumachititsa anthu a ku Tete kuvotera chipani ichi n'kusiya icho? Akuti m'mabuku amene ali nawo sanapezemo yankho lowakhutiritsa.

Zikomo aphunzitsi, ndipo anawo muwathokozenso. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri, choncho mundilole nditalikitse.

Ndiyambe ndi mawu akuti "kunja". Munthu wa ku Maputo akamva za maiko akunja, m'maganizo mwake mumabwera ndege, akazembe ndi misonkhano ya ku New York. Ife kunja timakuona tili pakhonde. Chigawo chathu cha Tete chinachita malire ndi maiko atatu, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Mukamayenda pamsewu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu, dzanja lina ndi Malawi, linalo ndi kwathu, ndipo pamsika wa Lizulu mbatatesi zolimidwa kuno zimagulidwa ndi makwacha. Pa zipata za m'malire za Zobue, Calomue, Cassacatiza ndi Cuchamano magalimoto a katundu amandandalika usana ndi usiku. Mwezi wa Ogasiti ukafika, Achewa a kuno amanyamuka kupita kumwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene amakakumana ndi abale awo a ku Malawi. Ndiye boma likayambana ndi dziko loyandikana nalo, woyamba kumva kuwawa si nduna ayi, ndi mayi amene amawolotsa thumba la chimanga panjinga.

China choyenera kuwauza anawo msanga n'chakuti zipanizi sitingaziyeze ndi muyeso umodzi. Malamulo oyendetsera dziko amapereka kwa pulezidenti udindo wotsogolera ubale ndi maiko ena, ndipo kuyambira pa 25 Juni 1975 apulezidenti onse asanu, Samora Machel, Joaquim Chissano, Armando Guebuza, Filipe Nyusi ndi Daniel Chapo, ndi a Frelimo. Frelimo tingaiweruze ndi zimene inachita. Zinazo tingaziweruze ndi zonena zawo, kumene zinachokera ndi anthu amene zimayenda nawo basi.

Frelimo inabadwira kunja, ku Dar es Salaam mu 1962, motsogozedwa ndi Eduardo Mondlane. Asilikali ake oyamba anakaphunzira ku Algeria, zida zambiri zinkachokera ku Soviet Union ndi ku China, ndipo nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi itakolera kuno ku Tete mu 1968, omenya nkhondowo ankalowera ku Zambia. Chipanichi sichinaiwale amene anachisunga. Mu Malichi 1976 Samora anatseka malire ndi Rhodesia ya Ian Smith, nalola omenyera ufulu wa Zimbabwe kumanga misasa m'dziko muno. Ine mpaka lero ndimati anachita zolungama, pajatu mnzako akapsa ndevu m'zimire. Koma mtengo wake unali waukulu, ndipo mbali ina tinalipira ndife. Mu Novembala 1977 ndege ndi asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya ku Chimoio, m'chigawo cha Manica, ndi ya ku Tembwe, m'chigawo chathu chino. Chaka chomwecho Frelimo inali italengeza kuti ndi chipani cha chi Marx ndi Lenin, ndipo kumudzi zimenezi tinazidziwira pa midzi yosonkhanitsamo anthu ya aldeia comunal, masitolo a boma, chiphaso cha guia de marcha pofuna kuyenda, komanso kuvulidwa ulemu kwa mafumu.

Renamo inatulukira pamenepo. Palibe chobisa, gululi linayambitsidwa ndi thandizo la akazitape a Rhodesia, mtsogoleri wake woyamba ndi André Matsangaissa, amene dzina lake ndilo linabala mawu oti "amatsanga". Iye atafa mu 1979 analowa Afonso Dhlakama, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, asilikali a boma la tsankho la South Africa ndiwo anatenga udindo wolipatsa zida. Aphunzitsi, apa musawabisire anawo mbali iliyonse. Mbewu ya Renamo inachokeradi kunja, koma nthaka imene inamerapo ndi ya konkuno: mfumu yolandidwa ndodo, mlimi wosamutsidwa pamunda wa makolo ake, wopemphera wotsekeredwa tchalitchi. Wonena mbali imodzi yokha sangathe kufotokoza mavoti a 1994.

Chodabwitsa n'chakuti amene anayamba kutembenuza ngolo ndi Samora yemweyo. Pa 16 Malichi 1984 anasainirana pangano losaputana la Nkomati ndi P. W. Botha, mtsogoleri wa South Africa, chaka chomwecho dziko linalowa m'mabungwe a IMF ndi World Bank, ndipo mu 1985 iye anakacheza kwa Ronald Reagan ku Washington. Njala ndi nkhondo zinali zitafika pakhosi. Kuyambira nthawi imeneyo khalidwe la Frelimo lakhala limodzi: osataya bwenzi lakale, koma kulandira aliyense wobwera ndi thandizo.

Nkhani ya Malawi ndiyo sindingaithamangire, chifukwa ndinaiona ndi maso. Mu Seputembala 1986 Samora, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anapita ku Blantyre kukakumana ndi Kamuzu Banda, kumuuza kuti dziko lake lasanduka njira ya Renamo. Atabwerera, Samora anaopseza kuti atseka malire ndi kuikako mizinga. Patangotha mwezi umodzi, pa 19 Okutobala, anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini akuchokera ku Zambia. Chakumapeto kwa chaka chomwecho banja lathu linawoloka malire usiku, amayi atasenza mphika ndi mphasa, ine nditabereka mng'ono wanga. Akuluakulu akulozana zala, anthu wamba a ku Dedza ndi ku Ntcheu anatipatsa malo omangapo zisakasa, ena anatibwereka minda. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ife othawa nkhondo tinali pafupifupi 1 miliyoni m'dziko laling'ono lija. Nthawi yomweyo asilikali a Zimbabwe ankaperekeza mdipiti wa magalimoto pamsewu wa Cuchamano, Tete mpaka Zobue, ndipo pambuyo pake asilikali a Malawi anathandiza kulondera njanji ya ku Nacala. Ndikamva mawu oti ubale ndi maiko akunja, chimene chimandibwerera ndi usiku umene uja.

Mtendere nawo unasainidwira kunja, ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio, ndipo chisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994 chinachitika asilikali a United Nations ali m'dziko muno. Chissano anapeza mavoti 53 pa 100 alionse, Dhlakama pafupifupi 34. M'nyumba ya malamulo ya mipando 250, Frelimo inatenga 129, Renamo 112, ndipo mgwirizano wa zipani zing'onozing'ono wa UD unatenga 9. Ambiri kunja ankaganiza kuti gulu lotchuka ndi nkhanza za nkhondo silingapeze mavoti otere, koma Renamo inapambana ku Sofala, Manica, Zambezia, Nampula ndi kuno ku Tete. Mu 1999 mpikisano unathina kwambiri: Chissano 52, Dhlakama pafupifupi 48, mipando 133 kwa 117, ndipo Tete inakhalabe kumbali ya Renamo.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mu 2004 Guebuza anapeza pafupifupi 64 pa 100, mipando n'kukhala 160 kwa 90, ndipo Tete inapita ku Frelimo. Mu 2009 iye anafika pa 75, Frelimo inakolola mipando 191, Renamo inatsala ndi 51, chipani chatsopano cha MDM chinalowa ndi 8. Pazisankho zimenezi oonerera anadandaula ndi malo ena a chigawo chathu, makamaka Changara, kumene chiwerengero cha ovota chinkaoneka chokwera mosakhulupirika. Mu 2014 Nyusi anapambana ndi 57 pa 100, Dhlakama anakweranso kufika pafupifupi 37, mipando inali 144, 89 ndi 17, ndipo kuno ku Tete Dhlakama anaposa Nyusi. Dhlakama anayamba kunena kuti alamulira zigawo zimene anapambana, mfuti zinalirakonso, ndipo kumayambiriro kwa 2016 anthu zikwizikwi a m'boma la Moatize anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi, ena n'kusamutsidwira kumsasa wa Luwani ku Neno. Taonani, aphunzitsi: mkangano wa mavoti unasanduka nkhani ya maiko awiri, ndipo osenza mitolo anali anthu olankhula chinenero chathu chomwechi. Dhlakama anamwalira ku Gorongosa mu Meyi 2018, wolowa m'malo mwake Ossufo Momade anasainirana mtendere ndi Nyusi mu Ogasiti 2019, ndipo pachisankho cha chaka chimenecho Nyusi anapeza 73 pa 100, Frelimo mipando 184, Renamo 60, MDM 6. Abwanamkubwa onse khumi a zigawo, amene anasankhidwa ndi mavoti koyamba, anali a Frelimo.

Tsono tibwere ku za masiku ano. Frelimo imayenda ndi aliyense. Mozambique inali m'gulu la maiko oyambitsa bungwe la maiko a kumwera kwa Africa la SADCC mu 1980, limene pano ndi SADC. Inalowa mu Commonwealth mu 1995 ngakhale sinalamulidwepo ndi Britain, ndipo mu 1996 inakhala nawo poyambitsa CPLP, bungwe la maiko olankhula Chipwitikizi. Russia italowa ku Ukraine mu 2022, nthumwi zathu ku United Nations sizinavote mbali iliyonse, ndipo mu 2023 ndi 2024 dziko lathu linakhala pampando wa Security Council, khonsolo yoona za chitetezo ku United Nations. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, imene inayamba ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, ikuonetsa bwino khalidweli: mu 2019 kunabwera asilikali aganyu a Wagner a ku Russia, mu Julayi 2021 kunabwera asilikali a Rwanda, kenako a SADC amene anachoka mu 2024, uku a European Union akuphunzitsa asilikali athu. Monga chipani, Frelimo ili mu Socialist International, bungwe la zipani za chisosholizimu padziko lonse, koma abale ake enieni ndi zipani zomenyera ufulu: ANC, ZANU-PF, MPLA, SWAPO ndi CCM.

Kukhala ndi abwenzi ambiri ine sindikuona cholakwika. Dziko losauka lokhala ndi magombe aatali komanso maiko asanu ndi limodzi oyandikana nalo silingasankhe mdani mwachisawawa. Chimene chimandiwawa ndi mapangano opangidwa mumdima. Ngongole zobisika za pafupifupi madola 2 biliyoni, zimene zinatengedwa mu 2013 ndi 2014 n'kuululika mu 2016, zinachititsa IMF ndi maiko othandiza kuimitsa ndalama zothandizira bajeti. Metikali inagwa, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo inu aphunzitsi mukudziwa bwino kuposa ine mmene malipiro anachepera mphamvu. Yemwe anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa kukhoti la ku New York mu 2024.

Kuno kwathu ubale ndi maiko akunja uli ndi mayina awiri, Cahora Bassa ndi Moatize. Damu la Cahora Bassa la pa Songo limatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo ambiri amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Kwa zaka zoposa 30 chilandirireni ufulu, gawo lalikulu la kampani ya HCB, imene imayendetsa damulo, linali la Portugal, mpaka mu Novembala 2007 pamene boma la Guebuza linatenga magawo 85 pa 100. Ichi ndi chinthu chimene Frelimo inganyadire moona. Koma pitani kumidzi ya ku Macanga kapena ku Chifunde dzuwa litalowa, mukaone nyumba zingati zikuwala. Malasha nawo ndi chimodzimodzi. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba ku Moatize mu 2011, mabanja anasamutsidwira ku Cateme, njanji inamangidwa kudutsa m'Malawi mpaka ku Nacala, kenako mgodiwo unagulitsidwa kwa Vulcan, ya amalonda a ku India. Mgodi wa Benga unachoka m'manja mwa Rio Tinto kupita kwa ICVL, ya ku India komweko, mu 2014. Eni ake amasinthana, fumbi limatsalira anthu a ku Moatize.

Za Renamo ya lero pa nkhaniyi ndinena mwachidule, poti zonena zake n'zochepa. Imadzitcha chipani cha demokalase ndi malonda aufulu, ili m'bungwe la Centrist Democrat International, ndipo kuyambira kale imadalira akazembe a maiko a azungu, mipingo ndi amkhalapakati akunja ikasemphana ndi boma. Pa SADC imakhala yokayika, chifukwa imaona kuti atsogoleri ambiri a m'chigawochi ndi abwenzi a Frelimo. Nkhondo yake yaikulu yakhala ya m'nyumba: mphamvu zipite kuzigawo, chisankho chiyende mwachilungamo. MDM, imene anayambitsa Daviz Simango mu 2009 atachoka ku Renamo ndipo pano ikutsogozedwa ndi mkulu wake Lutero Simango, maziko ake ndi mzinda wa Beira. Kumeneko inaonetsa kuti imatha kugwira ntchito ndi maiko othandiza pa zoteteza mzinda kumadzi osefukira, makamaka namondwe wa Idai atawononga mu 2019. Kupitirira apo, liwu lake pa nkhani za kunja silimveka kwenikweni.

Podemos inayambitsidwa mu 2019 ndi anthu ochoka ku Frelimo, mtsogoleri wake ndi Albino Forquilha, ndipo inalibe mpando ngakhale umodzi mpaka pamene inanyamula Venâncio Mondlane pa mpikisano wa upulezidenti mu 2024. Anthu anavotera munthuyo, chipanicho chinangokwera nawo. Iye anachokera ku MDM n'kudzera ku Renamo, ndi mlaliki wa mpingo wa chipentekoste, anayamikirapo Jair Bolsonaro, pulezidenti wakale wa Brazil, ndipo anakumanapo ndi a chipani cha Chega ku Portugal. Chimenechi chinakhumudwitsa ena, ine ndemwe, chifukwa Chega imadziwika ndi mawu okhadzula kwa anthu obwera, ndipo ena mwa obwerawo ndi ana athu. Koma achinyamata a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize sanamutsatire chifukwa cha Bolsonaro. Anamva lonjezo lake loti mapangano ndi makampani akuluakulu a migodi ndi gasi aunikidwenso, kuti chuma chotuluka m'chigawo chizitsalako. Pambuyo pake iye anasiyana ndi Podemos, ndipo mu 2025 anayambitsa chipani chake cha Anamola.

Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 mukuchikumbukira. Bungwe loyendetsa zisankho la CNE linalengeza kuti Chapo wapeza pafupifupi 71 pa 100, Mondlane 20, ndipo Frelimo mipando 195. Pa 19 Okutobala loya wa Mondlane, Elvino Dias, ndi Paulo Guambe wa Podemos anaomberedwa m'galimoto ku Maputo. Oonerera a European Union ananena kuti panali kusintha zotsatira kopanda chifukwa chomveka. Pa 23 Disembala Conselho Constitucional, bwalo lotsimikiza zotsatira za chisankho, inatsitsa mavoti a Chapo kufika pa 65, a Mondlane n'kukwera kufika pa 24, Momade pafupifupi 7, Simango 4. Mipando inakhala motere: Frelimo 171, Podemos 43, Renamo 28, MDM 8. Kwa nthawi yoyamba chiyambire 1994, Renamo inasiya kukhala chipani chachikulu chotsutsa. Pazionetsero zimene zinatsatira anafa anthu mazana, ambiri achinyamata, ndipo ena zikwizikwi anawolokera ku Nsanje. Muwaonetsenso anawo mmene anansi anachitira: Emmerson Mnangagwa wa ku Zimbabwe, amene anali wapampando wa SADC, anayamikira Frelimo zotsatira zisanalengezedwe n'komwe, ndipo pamwambo wolumbiritsa Chapo pa 15 Januwale 2025 Cyril Ramaphosa anabwera, pamene Portugal inatumiza nduna yake ya zakunja. Ubale wa zipani zomenyera ufulu uja ukugwirabe ntchito, ndipo wachinyamata amene sanaione nkhondo ya ufulu amauona ngati mpanda wotchinjiriza olamula.

Nanga funso lachiwiri lija? Yankho langa ndi lakuti ayi, komanso inde. Ayi, chifukwa sindinakumanepo ndi mlimi wa fodya ku Furancungo kapena wogulitsa tomato ku Ulongwe amene anavota poganizira za Ukraine. Munthu amavota pokumbukira amene anamuotchera nyumba, amene anamulemekezera mfumu yake, amene anabweretsa msewu kapena sukulu, mtengo wa feteleza, ndi mwana wake amene anamaliza kalasi 12 koma akungokhala. Ena amavota ndi mantha, poopa kuti ntchito ingawathere. Ndipo tisaiwale kuti zotsatira zolengezedwa si nthawi zonse zimafanana ndi zimene zinalowa m'bokosi, n'chifukwa chake chigawo chimodzi chomwechi chimaoneka ngati chikusintha mtima kotheratu pa zaka zisanu zokha.

Koma inde, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene ndatchulachi chili ndi chingwe chopita kunja. Nyumba yootchedwa ija inayambira pa malire otsekedwa mu 1976. Feteleza anakwera mtengo ndi ngongole zobisika komanso nkhondo ya ku Ukraine. Ntchito imene mnyamata wa ku Moatize akusowa ili m'pangano limene boma linasaina ndi kampani ya ku Brazil kapena ku India. Anthu athu amavotera zotsatira za mfundo za kunja osazitchula dzina limenelo, ndipo zipani zimapezerapo mwayi wosafotokoza kalikonse. Ine ndimaona kuti apa m'pamene tikuluza.

Pa kalasi yanu, ndikupempheni muyese izi. Jambulani mapu a Tete pabolodi, muikepo zipata zinayi zija, damu la pa Songo, migodi ya ku Moatize, njanji ya ku Nacala ndi ya ku Beira, komanso nthambo za magetsi zochoka ku Matambo kupita ku Phombeya ku Malawi. Mwana aliyense asankhe chimodzi, akafunse agogo ake kapena amalume ake zimene akukumbukira, kenako alembe funso limodzi limene angafunse munthu wofuna mpando wa nyumba ya malamulo. Muwauzenso kuti pa mipando 250 ija, iwiri ndi ya nzika zokhala kunja, umodzi wa okhala mu Africa, winawo wa okhala kumaiko ena, kotero achibale awo amene anatsalira ku Malawi ali ndi zikalata za kuno nawonso amatha kuvota. Chisankho cha makhonsolo a mizinda, kuphatikizapo Ulongwe ndi Moatize, chikuyembekezeka mu 2028, chachikulu mu 2029, ndipo ambiri mwa ana amene muli nawo m'kalasi lero adzakhala atakwanitsa zaka 18. Mafunso amene alembewo munditumizire, aphunzitsi, ndidzawaika pano.